Chidindo cha Malemu Shozo

Tomie Kusakabe anakwera basi ya naini koloko chidindo cha mwamuna wake chili m'kachikwama, atachikulunga m'mpango. Sanalonjeze munthu kuti akachisiya kufakitaleko. Anangoti akamve kaye.

Chaka chinali chitangokwana chimwalirire mwamuna wakeyo, Shozo. Mwambo wa chaka unachitika, wansembe anawerenga mapemphero ake, abale anadya n'kubalalika. Tsiku lomwelo, anthu asanamalize n'kuvala nsapato pakhomo, Noriyuki Urabe, mwini fakitale ya masipika kumene Shozo anagwira ntchito moyo wake wonse, anagwada pamphasa n'kuyamba kuzungulirazungulira ngati mphaka wamva fungo la nsomba. Akuti apanga masipika atsopano oposa onse, ndipo akufuna kuwatcha dzina la malemu. Akuti kumbuyo kwa sipika iliyonse kuzidindidwa chidindo chofiira chija monga kale, chifukwa ogula a ku Tokyo amayamba atembenuza sipika kufuna chidindocho asanamve n'komwe mawu ake.

Tomie anamudziwa Noriyuki akadali wa mamina m'mphuno, akuthamanga pakati pa makatoni m'fakitale ya bambo ake. Imvi zimene anali nazo tsopano sizinamuopse.

"Iwe Nori, chidindo si supuni yobwerekana," anamuuza. "Ndidzabwera ndidzamve. Akakhala abwino, udzatenga."

Mtima wa sipika ndi pepala. Ndi pepala lakuda lozungulira, lolowa pakati, limene pafakitalepo amalitcha chipewa poti limafanana ndi chipewa cha alimi a mpunga. Masipika amagulitsidwa awiriawiri, wakumanja ndi wakumanzere, ndipo zipewa zawo zikapanda kugwirizana, woimba saima pakati, amapendekera mbali imodzi ngati woledzera. Ntchito yopezera chipewa chinzake ankaitcha kukwatitsa. Magazini onse ankalemba kuti Shozo Kusakabe amakwatitsa zipewa ndi khutu lake, popanda makina. Linali bodza, koma bodza lawo awiri, la m'nyumba. Makutu a Shozo anaphedwa ndi phokoso la makina opsinjira mapepala asanakwanitse zaka makumi anayi. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi katoni ya zipewa panjinga madzulo aliwonse. M'mawa, magalimoto asanayambe kusokosa, Tomie ankakhala pamphasa, kunyamula chipewa chimodzichimodzi pafupi ndi khutu, n'kuchigogoda ndi chikhadabo. Ziwiri zikalira mofanana ankazilemba nambala imodzi ndi pensulo. Ankamanga katoni ndi chingwe, kulembapo tsiku, Shozo n'kubwerera nayo kukadinda. Pafakitale akuluakulu onse ankadziwa, ndipo akamuona Tomie ankawerama n'kumati makutu a amayi ndiwo chuma chathu.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anagwira ntchito imeneyi. Dzina lake silinalembedwe paliponse ndipo sanadandaule. Sukulu anasiyira kupulayimale, ana Mulungu sanamupatse, koma khutu anali nalo. Ngakhale pamene mng'ono wake Kinue ankadwala ku Sendai, zaka zinayi zapitazo, Tomie anachedwa masiku atatu kuti amalize makatoni amene anaunjikana, n'kukafika atamuvundikira kale nsalu yoyera kumaso. Chilonda chimenecho anachisenza chete. Ankati ntchito ili ndi mtengo wake.

Pachipata Noriyuki anamudikira atavala suti, pambali pake pali bambo wina woonda wa kamera pakhosi. Anali a Ogata, olemba m'magazini ya okonda masipika, amene anachokera ku Tokyo kudzaona fakitale yatsopano ndi zipinda zomvetsera. Manja awo anali ofewa ngati a mwana. Anawerama mpaka kamera inatsala pang'ono kugunda pansi, n'kunena kuti ndi mwayi waukulu kukumana ndi mkazi wa katswiri.

"Katswiri ankasiya masokosi paliponse," anatero Tomie. "Tiyeni tizipita."

Anayamba ndi nyumba yatsopano. Yoyera mbee, yopanda fungo, ngati chipatala. Anawaveka zipewa za nsalu ndi makhoti oyera, Tomie n'kufunsa ngati akukachita opaleshoni. Anadutsa kwa akalipentala amene ankapala mabokosi a masipika, kenako kwa amayi okulunga waya, kenako pa matanki pamene phala la mapepala limasanduka zipewa. Noriyuki ankalankhula osapuma, a Ogata ankalemba osapuma. Tomie anapisa chala m'phalamo, n'kunena kuti lachepa madzi. Mnyamata wa patankipo, amene anali ndi dazi kale, anawerama n'kuvomera. Aliyense pafakitalepo ankavomera chilichonse chimene Tomie wanena. Tsiku limenelo anali asanaganizepo kuti n'chifukwa chiyani.

Kolongedzera katundu anakumana ndi Fusako, amene anayamba ntchito ali mtsikana ndipo tsopano anali ndi zidzukulu. Fusako anamugwira manja onse awiri, n'kumudandaula kuti waonda, n'kumulonjeza mpiru wa mumchere wa chaka chino. Koma maso ake ankathawathawa.

Kenako anafika pa makina aja. Kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji osongoka ngati mano a macheka, pakati pali maikolofoni, kunja kuli kompyuta yojambula mizere. Noriyuki anatsitsa mawu. Anati atatisiya aphunzitsi athu a Shozo tikanatani amayi, inunso munati mwatopa, ndiye zipewa tsopano zimakwatitsidwa ndi makinawa, kungoyesa kutsanzira khutu la kale.

Tomie anaona kuti batani lalikulu la makinawo linali litasuluka utoto ngati chigwiriro cha mpeni wakale. Chaka chimodzi chokha, batani n'kutha chonchi? Anaganiza kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba, n'kupitirira.

Zipinda zomvetsera zinali zitatu, pamwamba. Anavula nsapato pakhomo. M'chipinda chilichonse munali mpando umodzi wachikopa pakati penipeni, ndipo Noriyuki anakhazikapo Tomie, a Ogata n'kukhala pakampando kumbuyo pang'ono, chakumanja.

M'chipinda choyamba munali masipika aatali ngati zitseko, ndi zenera lalikulu loonetsa mapiri. Anaika chimbale cha a Ogata, nyimbo ya azungu ya zeze zambirimbiri ndi ng'oma. Tomie anamvetsera mphindi ziwiri n'kukweza dzanja. Anati ng'oma ikugudubuzika m'ngodya ngati mbatata m'ndowa, ndipo zeneralo likubweza mawu. Anafunsa ngati anthu amabwera muno kudzaona mapiri kapena kudzamva. A Ogata anaseka, n'kunena kuti nawonso amaganiza zomwezo koma amasowa mawu aulemu.

M'chipinda chachiwiri anali atapachika makatani okhuthala khoma lililonse, pansi kapeti yomira phazi.

"Uku ndiye mwamufunditsa woimba bulangeti," anatero Tomie. "Akuimba ali m'tulo. Chotsani theka la nsaluzi mukagawire osauka."

A Ogata analemba zimenezo liwu ndi liwu. Noriyuki anaseka kuseka kwa munthu amene nsapato ikumuluma. Tomie anamva kukoma mumtima. Chaka chonse anakhala yekha ndi wailesi, ndipo apa panali anthu awiri ophunzira akulemba zimene khutu lake lanena.

Chipinda chachitatu ndicho chinali cha masipika atsopano. Chinali chaching'ono, cha matabwa, pansi mphasa. Masipikawo sanali aakulu. Kumbuyo kwake anasiya kabwalo koyera, malo a chidindo. Pakhoma panali chithunzi cha Shozo atanyamula chipewa pafupi ndi khutu, maso atatsinzina, ngati akumva kanthu. Tomie anachiyang'ana n'kufwenthera.

A Ogata anatulutsa chimbale china, koma Tomie anakana. Anati aike chimbale cha fakitale, chakale chija, chimene bambo ake a Noriyuki ankayesera sipika iliyonse: mayi woimba yekha ndi shamiseni, zeze wa zingwe zitatu. Noriyuki anati sakudziwa ngati chikadalipo. Tomie anamuuza kuti achifune. Chinapezeka msanga ndithu, m'kabati ya m'chipinda momwemo.

Nyimbo imeneyo ankaidziwa ngati dzina lake. Vesi loyamba likatha, mayiyo amapuma, ndipo patali chakumanja pamalira kabelu kakang'ono katatu, mawu ake opyapyala ngati ulusi. Sipika yabwino imakaonetsa kabeluko poyera. Sipika yoipa imakameza. Panali patapita zaka asanaimve nyimboyo, chifukwa galamafoni ya kunyumba Shozo anaitenga kuti akakonze ndipo sinabwererenso.

Singano inatsika. Mayiyo anayamba kuimba, ndipo anaima pakati penipeni, osapendekera, ngati alowa m'chipindamo n'kugwada pamphasa. Tomie anamva mpweya wake, anamva chala chikukhudza chingwe. Mumtima anati, Nori wayesetsa. Dzanja lake linapita lokha pakachikwama.

Vesi loyamba linatha. Mayiyo anapuma. Tomie anadikira.

Kunali zii.

Vesi lachiwiri linayamba.

"Imitsa," anatero Tomie. "Kabelu kali kuti?"

Noriyuki ananyamula singano pachimbale.

"Iwe Nori, ndikufunsa. Masipika ako ameza kabelu. Ukufuna kudinda dzina la mwamuna wanga pa chinthu chomeza kabelu?"

"Koma kalira, amayi," anatero a Ogata mokondwa, ngati munthu wothandiza. "Katatu, chakumanja uku, bwino lomwe. Ine mpaka tsitsi linandi..."

"Amayi akunena zoona," Noriyuki anawadula, atawerama kale. "Pepani kwambiri. Mawu apamwamba akadali ofooka. Tikonza."

A Ogata anatseka pakamwa n'kuyang'ana m'kope mwawo.

Tomie analamula kuti abwereze. Ulendo uno sanayang'ane masipika. Anatembenuka pang'ono n'kumayang'ana a Ogata ndi ngodya ya diso. Bamboyo anaumitsa khosi ngati msilikali, kuyesetsa kuti asaonetse kanthu. Koma mayi uja atapuma, maso a bamboyo anathawira kumanja okha, ndipo chikope chinaphethira katatu. Noriyuki naye, ataima pakhomo, anagwedeza chala pa thalauza katatu osadziwa.

M'makutu mwa Tomie munali zii.

Anadzuka n'kunena kuti akufuna kuchimbudzi, ndipo asamuperekeze, si mwana.

Sanapite kuchimbudzi. Anatsika masitepe, kutuluka khomo lakumbuyo, kuwoloka bwalo kupita ku nyumba yakale ya matabwa kumene Shozo anali ndi benchi lake. Sankadziwa chimene akufuna. Ankangofuna fungo la guluu wakale ndi malo oti akhale pansi. Benchi analichotsa. Koma chitseko cha kachipinda kosungira katundu chinali chosakhoma, ndipo atachikankha anaona makatoni.

Anali ataunjikidwa kuyambira pansi mpaka kudenga, mizere mizere, fumbi lili mbuu. Katoni iliyonse yomangidwa ndi chingwe, ndipo mfundo yake inali yake ya Tomie, yopinda kawiri, imene anaphunzira kwa amayi ake pomanga mitolo ya mpunga. Pa katoni iliyonse panali tsiku, m'zilembo zake zokhotakhota za kupulayimale.

Anayamba kuwerenga masiku ndi chala. Chaka chatha. Zaka ziwiri zapitazo. Anapita mkati. Zaka zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Katoni yakale kwambiri inali ya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, mwezi wa Epulo. Palibe mfundo ndi imodzi yomwe imene inamasulidwa.

"Achemwali."

Anali Fusako, ataima pakhomo, manja akupotokola epuloni. Anali atamuona akuwoloka bwalo.

"Izi n'chiyani?"

"Tiyeni tikamwe tiyi, muno muli fumbi."

"Fusako, ndinakugwirira mwana wako woyamba pamene apongozi ako anakana. Izi n'chiyani?"

Fusako anakhala pa katoni ina n'kufotokoza, maso ali pansi. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo masipika anayamba kubwezedwa. Ogula ankati woimba akupendekera. Noriyuki anagula makina aja mwakachetechete, n'kuyesa zipewa zimene Tomie anakwatitsa, ndipo pa khumi zilizonse zinayi zinali zosagwirizana. Anamuuza Shozo. Shozo anakhala pabenchi tsiku lonse osagwira kanthu. Madzulo anasonkhanitsa akuluakulu onse, anagwada, mphumi mpaka pansi, n'kuwapempha kuti mkazi wake asadzamve. Kuyambira tsiku limenelo makina ndiwo ankakwatitsa, Shozo n'kumadinda. Ndipo madzulo aliwonse Fusako ankadzaza katoni ndi zipewa zimene makina azikana, zoyenera kutayidwa, Shozo n'kuimanga panjinga. M'mawa ankabwera nayo n'kuiika muno. Kutaya ankakana.

"Zotaya," anatero Tomie.

"Eya."

"Zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka tsiku limene anagwa, ndinkadzuka folo koloko kugogoda zinyalala."

"Achemwali..."

"Ndipo iwe ndiye unkandipakulira. Ukabwera kwathu ndi mpiru wako unkati chiyani? Makutu a achemwali ndiwo chuma chathu."

Fusako anayamba kulira. Tomie sanamuyang'ane. Anali akufuna kanthu m'mizere ija, ndipo anakapeza mzere wachitatu, m'munsi. Makatoni atatu a Novembala, zaka zinayi zapitazo, masiku otsatizana.

Anakumbukira m'mawa umenewo bwinobwino. Foni inalira kuchokera ku Sendai, mlamu wake akuti Kinue wafooka, akukutchulani. Makatoni anali ataunjikana chifukwa Tomie anadwala chimfine sabata imeneyo. Shozo anaima pakhomo la kukhitchini, akuyang'ana zala za kumapazi, n'kunena kuti pita, ntchito idikira. Tomie anamukalipira, kuti ntchito ya ndani imadikira, ukufuna fakitale iime chifukwa cha ine? Shozo anatsegula pakamwa. Tomie anaona ndi maso ake kuti watsegula pakamwa. Kenako anatseka, n'kupita kukapopa njinga.

Mawu ochepa okha oona akanamukweza Tomie sitima tsiku lomwelo. Akanamupeza Kinue akulankhula.

Anagwira mfundo ya katoni yapamwamba. Inali yolimba monga anaimangira.

"Ankakukondani, achemwali," anatero Fusako akufwenthera. "Ankati mukadziwa mudzafa. Ankati khutu ndilo lokha muli nalo."

"Ankakondanso galu wake uja. Naye ankamuponyera kamtengo kuti azithamangira, aziona ngati akugwira ntchito."

"Musatero."

"Nditero. Khutu kufa si mlandu. Maso anga anafooka, ndinagula magalasi. Mano anatha, ndinaika ena. Akanandiuza, ndikanalira sabata imodzi, ndikanatukwana, ndikanaswa mbale ziwiri, basi. Ndikanakhala munthu. Koma inu nonse, fakitale yathunthu, anthu makumi asanu, kundiweramira m'misewu muli ndi chinthu chimenechi m'kamwa."

Anasansa fumbi pa siketi n'kutuluka.

Powoloka bwalo anayenda pang'onopang'ono. Anaganiza za chidindo. Masipika aja anali abwino, zimenezo sakanakana. Mayi uja anaima pakati kuposa mmene anaimirapo pa sipika iliyonse imene Tomie anakwatitsa. Ndipo anali atalonjeza kuti akakhala abwino Nori adzatenga. Anthu makumi asanu amadya pafakitalepo. Shozo anafa, sangamufunsenso kanthu. Watsala ndi Nori.

Pofika pamasitepe anali atatsimikiza. Amufunsa kamodzi kokha. Akayankha zoona, pamaso pake, ngati akulankhula ndi munthu wamkulu mnzake, chidindo achisiya patebulo n'kumapita. Sankafuna kupepesedwa. Ankafuna munthu mmodzi pamalo pano amuuze chinthu mmene chilili.

M'chipinda chachitatu anapeza atakonza kale. Katebulo kakafupi, tiyi, timakeke ta nyemba, ndi thireyi yakuda yonyezimira pamene anaikapo inki yofiira yatsopano. A Ogata anali atakonza kamera kuti ajambule mkazi wa katswiri akupereka chidindo. Noriyuki anayang'ana fumbi limene linatsalira paphewa la Tomie, n'kuyang'ana kumbali.

Tomie anagwada, anatsegula kachikwama, anamasula mpango, n'kuika chidindo patebulo. Kanali kanthu kakang'ono, ka nyanga yakuda, kotalika ngati chala, kumutu kwake kofiira ndi inki ya zaka zambiri. Sanachotsepo dzanja.

"Nori, ndiyang'ane."

Noriyuki anakweza maso.

"Ndachokera ku nyumba yakale. Ndaona makatoni. Tsono ndikufunsa, ndipo uganize usanayankhe. Kabelu kaja kanalira kapena sikanalire?"

M'chipindamo munangomveka singano imene anaiwala kuichotsa, ikukanda kumapeto kwa chimbale. Noriyuki anayang'ana chidindo, anayang'ana a Ogata, anayang'ana chithunzi cha pakhoma. Thukuta linatuluka pamphuno pake. Tomie anaona kuti mwanayu akudziwa yankho, ndipo mumtima anamupempha, nena, mwana iwe, ndi mawu amodzi okha.

Noriyuki anaika manja pamphasa n'kuwerama mpaka mphumi inagunda pansi, ndendende mmene Fusako anati Shozo anachitira.

"Makutu a amayi sanalakwepo," anatero. "Vuto ndi la masipika athu. Tikonza."

Tomie anayang'ana pamutu pake, pamene tsitsi linayamba kuthothoka. Anamuphunzitsa bwino aphunzitsi ake.

Anatenga chidindo, anachikulunga m'mpango, anamanga mfundo yake yopinda kawiri, n'kuchibwezera m'kachikwama.

"Bambo Ogata, tsegulani kope lanulo."

A Ogata anatsegula.

"Lembani kuti masipika awa ndi abwino. Woimba waima pakati. Sindinamvepo abwino chonchi, ndipo ndamva ambiri. Chipinda choyamba atseke zenera, chachiwiri achotse makatani, chino asachikhudze. Lembaninso kuti kabelu kanalira, inu munakamva, uyu anakamva, ine ndekha sindinakamve chifukwa ndine nkhalamba yogontha. Mwalemba?"

"Amayi, zimenezo sindingathe ku..."

"Ndiye musalembe, ndi magazini yanu. Koma chithunzi palibe. Iwe Nori, masipika ako akwatitsidwa ndi makina. Uzokotetse chidindo cha makinawo, uzidinda. Ndi amene agwira ntchito."

Anadzuka pogwira khoma, anakana dzanja la a Ogata, n'kukavala nsapato zake.

Noriyuki anamuthamangira mpaka pachipata, ali ndi masilipasi a m'nyumba. Anati mabokosi asindikizidwa kale ndi dzina la aphunzitsi, ogulitsa auzidwa kale za chidindo. Anati galimoto ikamusiye kunyumba. Tomie anangoyendabe. Pomaliza Noriyuki anaima pakati pa msewu.

"Amayi, ndimafuna kukusungirani ulemu. Pamaso pa mlendo ndikanati chiyani?"

Tomie anatembenuka.

"Ukanati kanalira."

Basi inachedwa theka la ola, ndipo anaidikira chiimire.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Anavula nsapato n'kupita molunjika ku kabati ya makolo, malo opempherera malemu, kumene chithunzi cha Shozo chinali pakati pa maluwa ndi kambale ka mpunga kamene anamuikira m'mawa, monga ankachitira tsiku lililonse chaka chonsechi. Pambali panali kabelu ka mkuwa koitanira malemu. Anakagogoda. Anamva kugunda kwa kamtengo, ndi kulira kwakufupi kobuntha. Kale kabelu kameneka kankalira nthawi yaitali, mawu ake akupyapyala mpaka kutha. Iye ankati kanachita mng'alu. Anamuuzapo Shozo kuti agule kena, Shozo n'kuvomera kuti eya, kang'aluka.

"Ngakhale aka," anatero Tomie.

Sanayatse lubani. Anachotsa kambale ka mpunga n'kukakhuthulira mpheta kuseri. Kenako anatseka zitseko za kabatiyo masanasana, chinthu chimene amayi ake akanamumenya nacho mbama.

Chidindo sanachibwezere m'bokosi lake la nsalu yofewa. Anachiponya m'dirowa ya kukhitchini, momwe mumakhala malabala, makandulo otsala ndi makiyi osadziwika chitseko chake.

Atatero anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati ya zovala, n'kuimbira foni mlamu wake ku Sendai. Anamuuza kuti akubwera mawa ndi sitima yam'mawa, akufuna akaone manda a Kinue, ndipo sakudziwa kuti akhala masiku angati. Mlamuyo anayankha kanthu kena chapansipansi.

"Kwezani mawu, alamu," anatero Tomie. "Sindimva bwino ine."